Nyemba nazonso zimadya feteleza, koma tiuzeni mlingo woti tiumve

Akonzi,

Ndipatseni mpata ndidandauleko pa nkhani ya nyemba. Ine ndimawerenga nyuzi yanu pa foni kuno ku Harare, ndipo tsamba la ulimi sindilidumpha, koma chaka chonse nkhani ndi chimanga, fodya, makuponi, mtengo wa thumba la feteleza, basi. Nyemba mumazitchula pongodutsa, pamene ndi ndiwo yomwe yalera tonsefe, kusukulu zogonera konko, kumaliro, kuzipatala, mmanyumba mwathu mwezi ukafika pakati ndalama zitatha. Ndipo mukati mwalemba, mumalemba kuti "thirani makilogalamu akutiakuti pa hekitala" nde munthu wa ku Mufakose kapena ku Epworth amene kamunda kake ndi ka kuseri kwa nyumba, kapena kachidutswa ka mphepete mwa msewu, hekitala aiona kuti?

Ife kuno ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu aja anabwera kale kudzagwira ntchito mmigodi, mmafamu ndi mmanyumba mwa azungu, ena tinabwera mochedwa, koma khasu sitinalisiye. Pitani ku Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Highfield mvula ikagwa, paliponse pomwe pali malo opanda nyumba mupezapo chimanga, ndipo mmizere mwake muli nyemba, maungu, therere, kadzalidwe komweko ka kwathu ku Dedza ndi ku Ntcheu. Vuto ndi loti kadzalidweko tinatengera limodzi ndi chikhulupiriro chija choti nyemba sizifuna feteleza, zimadzidyetsa zokha. Anthu amanena motsimikiza ndithu, eti nyemba ndi mbewu yobwezeretsa chonde nde kuithirira feteleza ndikutaya ndalama. Abale anga izi nzoona theka lokha. Nyemba zilidi mgulu la soya, mtedza, nandolo ndi khobwe, mbewu zomwe pa mizu pake pamamera timatuza momwe mumakhala tizilombo tokoka naitulojeni wa mumpweya. Koma pa gulu lonseli nyemba ndi zomwe zimachita ulesi pa ntchito imeneyi, sizingafanane ndi soya olo mtedza. Ndipo timatuza timeneti kuti tigwire ntchito timafuna fosifolasi, nde dothi likakhala losauka fosifolasi ngati la mchenga lomwe ladzaza madera ambiri ozungulira Harare, timatuzato timakhala tochepa, tatingʼono, mbewu imangokhala yachikasu yonyentchera kudikira thandizo lomwe silikubwera.

Mutha kuona nokha, sipafunika sukulu. Zulani tsinde limodzi nyemba zikamayandikira kuchita maluwa, mulizule ndi dothi lake bwinobwino, mutsuke mizu mmadzi, muone ngati pali timatuza. Kenako tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiira ngati kanyama nde kuti ntchito ikuyenda, mukakhala moyera kapena mobiriwira palibe chikuchitika. Mminda yambiri ya mtauni muno mukazula mupeza mizu ili mbee, timatuza tiwiri titatu basi.

Tsono pali gulu lina lomwe linamva kuti nyemba zimafuna feteleza koma linamva mopitirira. Awa nde amandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa ndalama amawononga ndithu. Pafupi ndi pomwe ndimalima pali amayi ena achikulire, timawaitana kuti anganga tonse, kwawo kwenikweni ndi cha ku Phalombe, munthu wakhama woti 5 koloko mmawa ali kale mmunda. Mwana wawo anawagulira feteleza wobereketsa wotchedwa AN, nde iwo pothira chimanga ankati akafika pa nyemba nazonso kadzanja thii pa tsinde, ati nazonso zilawe. Nyembazo zinakula zokongola zedi, masamba akuluakulu obiriwira mpaka kuda, aliyense wodutsa ankayamikira, khwanya anathyola mpaka kugawa kutchalitchi. Koma maluwa anachedwa, ambiri anayoyoka, masamba atathithikana chinyontho sichimachoka nde matenda a madontho pamasamba analowa, pokolola makoko anali owerengeka ena opanda kanthu mkati. Ndinawapeza akumenya nyembazo pa saka, akupeta, akungoti koma mwana wanga nyemba za masiku ano ndi masamba okhaokha. Ine mtima unandiwawa chifukwa feteleza uja akanakhala wa mtundu wina, nkuthiridwa nthawi ina, anganga akanadzaza ndowa.

AN ndi naitulojeni yekhayekha, 34.5 pa 100 iliyonse, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 muli naitulojeni pafupifupi makilogalamu 17. Urea amene ali wofala kwathuko nde woposa, 46. Naitulojeni ntchito yake ndi kukulitsa masamba ndi tsinde, ndipo akachuluka mdothi nyemba imasiyiratu kupanga timatuza tija, ipangirenji poti chakudya chabwera chaulere. Chomwe nyemba imalira kwambiri pachiyambi ndi fosifolasi, wa mizu, wa maluwa, wa makoko, ndipo fosifolasi sayenda mdothi ngati naitulojeni, pomwe mwamuika mpomwe amakhala, nchifukwa chake amayenera kulowa pansi tsiku lodzala osati kumwaza pamwamba mbewu itakula kale. Kuno wokulitsa amene aliyense amamudziwa ndi Compound D, manambala ake 7:14:7, kutanthauza kuti mthumba la 50 muli naitulojeni 3.5, fosifeti 7, potashi 3.5. Kwathuko tinazolowera 23:21:0+4S ndipo pano kuli 23:10:5+6S+1Zn. Taonani manambalawo bwino. Wa kwathuyo naitulojeni wake ndi wochuluka kuposa katatu wa Compound D, nde munthu amene wamva malangizo pa wailesi ya ku Lilongwe kapena pa gulu la WhatsApp la kumudzi nkudzawagwiritsa ntchito kuno ndi Compound D, kapena wa kuno kutumiza malangizo a matumba kumudzi, onsewo asokonekera. Izi zikuchitika, akonzi, mauthenga amadutsa malire tsiku lililonse koma manambala a pathumba sawatchula.

Nde pempho langa lenileni ndi loti muziswa masamu aja. Ndiyese ine mmene ndikufunira kuti muzilembera. Tengani malo a mamita 10 mulitali 10 mulifupi, pafupifupi mapazi akuluakulu khumi uku ndi uku. Amenewo ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala. Mlangizi akanena kuti makilogalamu 300 a Compound D pa hekitala, kwa inu ndi makilogalamu atatu. Akanena 200 ndi awiri. Mizere mukaitalikitsa masentimita 50 mukhala ndi mizere 20, nde makilogalamu atatu aja kugawa mizere 20 ndi magalamu 150 pa mzere umodzi wa mamita 10. Wobereketsa akati makilogalamu 100 a AN pa hekitala, inu ndi kilogalamu imodzi yokha malo onsewo, magalamu 50 pa mzere, kuwaza mopyapyala mphepete mwa mzere patapita masabata atatu kapena anayi zitamera, maluwa asanayambe, dothi lili lonyowa. Mukuona kusiyana kwake ndi kadzanja pa tsinde lililonse? Mukadzala mbewu imodzi pa masentimita 10 aliwonse mzere umodzi muli mbewu 100, malo onsewo 2000, ndipo mbewu yofunika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ngati ili nyemba zikuluzikulu, zingʼonozingʼono zoyera zija ndi yocheperapo. Munthu akamva chonchi amaona kuti nzotheka, safunika kugula thumba lonse, kapaketi kakangʼono kakwanira. Amene ali ndi poloti ya Pfumvudza, pulogalamu ya ulimi ya boma la kuno, ija ya mamita 39 ndi 16 angochulukitsa kasanu ndi kamodzi nkuonjezera pangʼono.

Ndikudziwa wina anena kuti mlingo sungakhale umodzi paliponse, eya nzoona, katondo wofiira wa kumpoto kwa tauni ino safanana ndi mchenga wa ku Seke kapena ku Epworth, ndipo munda womwe chaka chatha munali chimanga chothiridwa bwino umakhala ndi zotsalira zomwe nyemba zimadyako. Koma nchifukwa chake ndikuti lembani mlingo wa pakati ndi kafotokozedwe kake, munthu adziwe poyambira. Komanso auzeni kuti feteleza sakwera ngati makwerero mpaka kumwamba. Kuchoka pa zero kufika pa mlingo wapakati phindu limaoneka ndi maso, kuchoka pamenepo kuwirikiza kawiri zokolola zimangoonjezereka pangʼono, pena osaonjezereka nkomwe, pamene ndalama mwalipira kawiri. Kwa munthu wosauka bola kuthira pangʼono munda wonse kusiyana ndikuthira wambiri mizere isanu yotsala nkukhala ndi njala.

China chomwe chimapha nyemba zambiri tsiku loyamba lomwe ndikugoneka mbewu pamwamba pa feteleza. Nyemba ndi yanthete pa zimenezi, ikakhudzana ndi feteleza imapsa osamera, kenako anthu nkumatukwana wogulitsa mbewu. Lembani kangalande, wazani feteleza, kwirirani ndi dothi zala ziwiri zitatu, kenako mbewu pamwamba pake, kapena feteleza mbali masentimita asanu. Ndipo laimu, aaa, laimu ndi nkhani yomwe palibe amaikamba. Minda ya mtauni muno yadyetsedwa AN zaka ndi zaka popanda laimu olo kamodzi, dothi lawawasa, ndipo pH, muyeso wa kuwawasa kwa dothi, ikatsika pansi pa 5.5 nyemba zimavutika, fosifolasi amene mwagula uja amamangika mdothi mbewu osamufikira. Laimu ndi wotchipa kuyerekeza ndi feteleza koma amafuna kuthiridwa miyezi ingapo musanadzale. Manyowa owolerana bwino nawo amathandiza kwambiri pa mchenga, a nkhuku aja ambiri timaweta kuseri kwa nyumba, bola akhale owola osati aawisi.

Tsopano mbewu. Apa nde pamene ndimafuna mukhalitsepo chifukwa feteleza yense ndanenayu ngati mbewu ili yolakwika ndi chimodzimodzi kuthira madzi mdengu. Ambiri a ife nthawi yodzala ikafika timapita ku Mbare Musika kukagula nyemba zakudya zomwezija za mbaketi, kusankha zooneka bwino nkukadzala. Nyemba zimenezo palibe akudziwa kuti zachokera kuti, zina zadutsa malire, zina zakhalitsa mnkhokwe, zina ndi mitundu itatu inayi yosakanikirana yomwe mmaso imaoneka yofanana. Mukadzala mupeza ina yaima, ina ikuyanga kufunafuna chokwera, ina yakhwima ina ikadali maluwa, nde mukolola liti? Choopsa kwambiri ndi choti matenda akuluakulu a nyemba amayenda mumbewu momwemo, chiwawu, matenda aja oboola makoko ndi mabala akuda, ndi aja opiringiza masamba omwe nsabwe zimafalitsa. Mumadzala matendawo ndi manja anu. Pamenepo olo muthire mlingo wolondola bwanji simungaone kanthu.

Pomwe mitundu yabwino ilipo, yopangidwa ndi anthu athu omwe. Kwathuko ku Chitedze ndi ku Bunda anatulutsa Napilira, Kalima, Maluwa, Kholophethe, Kabalabala ndi ina yambiri. Napilira amadziwika kuti amapirira dothi losauka, amakupatsaniko kanthu olo pomwe ina yakana. Kholophethe ndi ya mawangamawanga ija yokondedwa pa msika. Kabalabala ndi yoyera yaingʼono, mtundu womwe mafakitale amafuna poika mzitini. Kuno kuli Gloria, Sweet Violet, Cherry, ndi NUA45 yomwe inatulutsidwa mu 2010 ndipo kwathu ilikonso, yofiira ya mawanga, yosayanga, yocha msanga, ili ndi ayironi ndi zinki wochuluka kuposa nyemba wamba, zomwe ndi zofunika kwa amayi oyembekezera ndi ana amene magazi amawachepera. Ofesi yofufuza za mbewu zimenezi ili mu Harare momwemuno, Crop Breeding Institute, ndipo ku Marondera ku Grasslands amapanga inokyulanti, kaufa kakuda kaja ka tizilombo topanga timatuza kopaka ku mbewu musanadzale. Pogula onetsetsani kuti ndi wa nyemba, wa soya sagwira pa nyemba. Zonsezi zili pafupi koma anthu athu ambiri sanazimvepo mchilankhulo chawo.

Mitundu imeneyi siyankha feteleza mofanana, ndipo apa mpomwe nkhani ziwirizi zimakumanirana. Mtundu wosayanga wocha msanga uli ndi masiku ochepa, mwina 85 mpaka 90, nde ukasowa chakudya masabata oyambirira ulibe nthawi yodzakonza, umafuna wokulitsa akhale pansi tsiku loyamba. Mtundu woyanga umachita maluwa nthawi yaitali, umatha kudzikoka pambuyo pa kangʼamba, umabereka kwambiri ukapeza chokwera, koma ndi womwewo umene ukauchulukitsira naitulojeni umangothamangira ku masamba. Mtundu wopirira dothi losauka ndi wabwino kwa amene alibe ndalama ya feteleza, pomwe wina umabereka modabwitsa pokhapokha wadya mokwanira, ukaumana umagonja kuposa wa makolo. Nde munthu asanagule mbewu adzifunse kaye kuti mthumba mwanga muli zingati, dothi langa ndi lotani, ndikudzala pazokha kapena mchimanga, ndikufuna zakudya kapena zogulitsa. Alimi angʼonoangʼono ambiri mmaiko awiri onsewa amakolola cha mma theka la tani pa hekitala, pamene mitundu yomweyi ikasamalidwa imafika matani awiri nkupitirira. Pa kamalo kathu ka 10 ndi 10 kaja ndiko kusiyana kwa makilogalamu asanu ndi makilogalamu 20. Asanu ndi ndiwo za masabata ochepa, 20 banja limadya miyezi.

Sindikunena kuti titaye za makolo ayi. Nanyati, Kayera, Phalombe, anthu amazikonda pa chifukwa, msuzi wake, kupsa msanga, ndipo kuno komwe magetsi amazima maola ambiri nyemba yochedwa kupsa imadya gasi ndi nkhuni zoopsa, mayi wa pakhomo saiwala zimenezo posankha. Chipere cha Kayera ndani angachikane. Ofufuza akamabweretsa mtundu watsopano azikumbuka mphika osati sikelo yokha. Ndipo ubwino wa nyemba ndi woti si haibulidi ngati chimanga, imadzibereketsa yokha, nde mukagula mbewu yovomerezeka kamodzi mutha kusungako nkudzalanso nyengo ziwiri zitatu, bola muzisankha ku mitengo yathanzi mmunda momwemo musanakolole zonse, kuyanika bwino, kusunga motetezeka kwa anankafumbwe, osasakaniza mitundu. Kumpingo kwathu tikanatha kusonkha anthu khumi kugula paketi imodzi yabwino nkugawana, mmene timachitira ndi zamaliro. Chenjezo lokha ndi loti mbewu yabodza yachuluka, ndinaonapo ndi maso anga nyemba wamba zopakidwa utoto zili mkapepala kokongola, nde gulani mmasitolo odziwika, paketi yotseka, yolembedwa dzina la mtundu.

Nthawi yodzala nayo muziitchula chifukwa kuno imasiyana ndi zomwe ena anazolowera. Nyemba za pazokha kumtunda kuno alimi amadzala mu Januwale mpaka chapakati pa Febuluwale, kuti zidzakhwime mvula ikutha, zisaolere mmunda, komanso chisanu chisanafike. Zodzala ndi mvula yoyamba mchimanga zimakhwima mvula ili pakati, makoko amaola ena kumera ali pamtengo. Ndipo pali kantchentche kaja komwe mphutsi yake imalowa mtsinde nyemba zikangomera, mbewu imafota tsinde litatupa nkungʼambika mmunsi, anthu nkumati ndi dzuwa kapena kuchepa kwa feteleza nkuonjezera AN. Ayi, ngʼambani tsindelo muona kamphutsi kapena kachikwa kofiirira mkati. Mbewu yopakidwa mankhwala ndi kukwezera dothi mtsinde zimathandiza, ndipo mbewu yodya bwino fosifolasi imamera mizu ina pamwamba pa bala nkupulumuka.

Chilala cha 2023/24 chinatiphunzitsa mowawa, chimanga chambiri mtauni muno chinauma chisanabereke, kwathukonso chimodzimodzi, ndipo mbewu ya miyezi itatu ngati nyemba ndi imene ingapatse munthu mwayi wachiwiri mu nyengo yomweyo mvula ikabwerera mochedwa. Boma la kuno lili ndi Pfumvudza kuyambira 2020, kwathuko pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inayambanso chaka chomwecho kulowa mmalo mwa FISP, koma mkamwa mwa aliyense muli chimanga basi, feteleza yense amathera kumeneko. Ine ndikungopempha makilogalamu atatu pa thumba la 50 lija apite ku nyemba.

Choncho akonzi, tumani mtolankhani wanu ku Chitedze kapena ku Bembeke akakhale pansi ndi ofufuza za nyemba, afunse mtundu uliwonse masiku ake, dothi lomwe umakonda, mlingo wa feteleza wa kwathuko ndi wofanana nawo wa Compound D, atilembere pa mzere wa mamita 10, ndi kapu kapena kabotolo komwe munthu angayezere kunyumba, aikenso zithunzi za mbewuzo kuti tizizizindikira pa msika. Tsamba limeneli mulitulutse mu Novembala kapena Disembala anthu asanagule mbewu, osati mu Epulo. Ife kuno tikalandira tidzalitumiza mmagulu onse a WhatsApp, kumipingo, kumabungwe a maliro, mpaka kwa abale athu ali mmafamu a ku Mazowe ndi ku Banket, ndipo amene satha kuwerenga tidzawawerengera. Alangizi a zaulimi a boma la kuno alipo koma malangizo awo amabwera mchiShona ndi mchizungu, agogo athu ambiri masamu a feteleza amawamva bwino mchilankhulo chomwe anayamwira.

Ine wanu wowerenga,
Mlimi wa kuseri kwa nyumba,
Mufakose, Harare